Nthawi ya Yani? Kuwerenga Lamulo Lochotsa Njira za Njinga ku Toronto

Pa 25 Novembala 2024 nyumba ya malamulo ya chigawo cha Ontario, ku Canada, inavomereza bilu nambala 212, ndipo tsiku lomwelo biluyo inasanduka lamulo. Dzina lake ndi Reducing Gridlock, Saving You Time Act, kutanthauza lamulo lochepetsa kuthithikana kwa magalimoto ndi kukupulumutsirani nthawi. Malamulo ambiri amadziwika ndi ntchito yawo: la misonkho, la malo, la zapamsewu. Ili linasankha kulankhula ndi munthu maso ndi maso, n'kumulonjeza kanthu. Lamulo likalonjeza chonchi, woliwerenga ali ndi ufulu wofunsa kuti wolonjezedwayo ndani, ndiponso kuti nthawi imene apulumutsiridweyo ailipira ndani.

Tisanalowe m'ndime zake, tivomereze kuti vuto limene dzinali likutchula lilipodi. Kampani ya TomTom, imene imayeza kayendedwe ka magalimoto m'mizinda, inaika Toronto pa nambala yachitatu padziko lonse pa kuchedwa kwa pamsewu m'chaka cha 2023, kutsatira London ndi Dublin. Kuyenda makilomita 10 pakati pa mzindawu kunkatenga pafupifupi mphindi 29. Mayi amene akuthamangira kukatenga mwana kusukulu, kapena mmisiri wa mapaipi amene zida zake sizingakwere njinga, akamadandaula sakunama. Boma la a Doug Ford, mtsogoleri wa Ontario, linali ndi chifukwa chomveka chofunira kuchitapo kanthu. Nkhani yagona pa zimene linalemba.

Lamuloli lili ndi zigawo zisanu, ndipo za njinga zangotenga malo ochepa. Mbali yaikulu ndi ya misewu ikuluikulu. Chigawo china chikufulumizitsa ntchito yomanga misewu imene boma laiika patsogolo, kuphatikizapo kutenga malo a anthu mwachangu. China ndi cha msewu umodzi wokha, Highway 413, wa makilomita 52, umene udzadutse m'minda ndi m'malo otetezedwa a Greenbelt kumpoto chakumadzulo kwa Toronto. Msewu umenewu wachotsedwa pansi pa lamulo la Ontario lounika mmene chitukuko chingawonongere chilengedwe. Ndiye m'chikalata chimodzi chomwechi, msewu wa makilomita 52 akuuchotsera zopinga, pomwe kanjira ka njinga ka pafupifupi mamita awiri m'lifupi akukaikira chopinga chatsopano. Zimenezi zokha zikuonetsa kumene kunali mtima wa olemba.

Chopinga chatsopanocho chili m'chigawo chachinayi, chimene chikusintha lamulo la zapamsewu la Highway Traffic Act. Ndime yake, monga inalembedwera mu 2024, inkati khonsolo ya mzinda umene boma lautchula singamange kapena kujambula njira ya njinga popanda chilolezo cha unduna wa zamtengatenga, ngati njirayo ichepetse chiwerengero cha mizere imene magalimoto amayendamo. Taonani pamene malire aikidwa. Khonsolo ikafuna kuika njinga pamalo posakhudza galimoto, ipitirire, palibe aifunse. Ikangokhudza mzere umodzi wa magalimoto, nkhani ichoke m'manja mwa makhansala, ipite ku unduna. Motero mizere ya magalimoto imene ilipo lero yasanduka chinthu chosafunika kuchifotokoza, ndipo wofuna kuisintha ndiye wokhala ndi mafunso oti ayankhe. Komatu misewu ya pakati pa mzinda wakale ngati Toronto singatambasuke. Uku kuli nyumba, uku kuli masitolo. Pamsewu wotanganidwa, malo a njinga amachokera pa mzere wa magalimoto oyenda kapena pa malo oimikapo magalimoto, kwina kulibe. Choncho ndime imene ikuoneka ngati yokhudza misewu yowerengeka ikugwira yambiri mwa misewu imene njira yotetezedwa ikufunikadi.

Kenako pakubwera chiganizo chimene ine ndikuchiona kuti ndicho msana wa zonse. Poganizira zopereka chilolezo, unduna ukhoza kuona ngati njira ya njingayo ingachepetse mopitirira muyezo kayendedwe kadongosolo ka magalimoto. N'chachifupi, koma mawu aliwonse m'menemo ali pantchito. Choyezedwa ndi kayendedwe ka magalimoto, osati ka anthu. Galimoto yonyamula munthu mmodzi ikukwera pasikelo. Anthu makumi awiri odutsa panjinga mphindi yomweyo sakukwerapo. Mawu akuti "kadongosolo" akupereka chithunzi chakuti dongosolo la pamsewu ndi la galimoto, ndipo chobwera pambuyo pake chikubwera kudzasokoneza. Akuti "mopitirira muyezo" sakunena muyezowo. Ndi mphindi imodzi, zisanu, khumi? Zasiyidwa m'manja mwa nduna. Ndipo m'chiganizo chonsechi mulibe mawu onena za ngozi, za kuvulala kapena za moyo. Njira ya njinga yotetezedwa imamangidwa pa chifukwa chimodzi chachikulu, choti munthu asagundidwe, koma chifukwa chimenechi sichinalembedwe ngati chinthu choti unduna uchiganizire.

Wina anganene kuti mawu akuti "ukhoza" sakuletsa unduna kuganiziranso za ngozi. N'zoona. Koma lamulo likatchula chinthu chimodzi n'kusiya zina zonse, limakhala lauza wogwira ntchito m'boma zimene abwana ake akufuna kumva. Injiniya wa khonsolo wolemba pempho adziwa funso limene akuyembekezeka kuyankha, ndipo akadziwa kuti yankho lake silikakondweretsa, pempholo salilemba n'komwe. Njira zambiri zidzafera m'maofesi popanda wozikana.

Mphamvu yochitira izi boma la chigawo lili nayo. Ku Canada mizinda ilibe ulamuliro wakewake m'malamulo aakulu a dziko. Imakhalapo mwa chifuniro cha chigawo. Anthu a ku Toronto anaziona zimenezi mu 2018 pamene boma la a Ford linadula mawodi a khonsolo yawo kuchoka pa 47 kufika pa 25 kampeni ya chisankho ili mkati, ndipo mu 2021 khoti lalikulu kwambiri la Canada linati zinali zololedwa.

Ndime imene inautsa mkwiyo waukulu ndi 195.6. Sinalimo m'bilu pamene nduna ya zamtengatenga, a Prabmeet Sarkaria, ankaipereka m'nyumba ya malamulo pa 21 Okutobala. Inalowetsedwa kutatsala masiku ochepa kuti aphungu avote. Apa kalankhulidwe kasintha. Zoti "ukhoza" zatha, kwabwera zoti "iyenera": nduna iyenera kuchotsa njira za njinga za pa Bloor Street, University Avenue ndi Yonge Street mumzinda wa Toronto, pamodzi ndi zinthu zokhudzana nazo, n'kubwezera mizereyo kwa magalimoto. Ndimeyi yasiya kampata koti boma lipatule malo ena likafuna, koma poyambira pake ndi kuchotsa. Njira zatsopano zapatsidwako mwayi woyezedwa, ngakhale pasikelo yopendekera. Zitatuzi sizinapatsidwe n'komwe mwayi umenewo. Lamulo la chigawo cha anthu opitirira 15 miliyoni latchula misewu itatu ya mzinda umodzi mayina ake, n'kugamuliratu.

Misewu itatuyi ili ndi mbiri imene ndimeyi yailumpha. Njira ya pa Bloor inayamba mu 2016 ngati yongoyesa, makilomita 2.4 kuchokera pa Shaw Street kufika pa Avenue Road. Khonsolo inawerenga njinga, inayeza nthawi ya magalimoto, inamva za eni masitolo, ndipo mu Novembala 2017 makhansala 36 anavota kuti ikhazikike, 6 okha ndiwo anakana. Ya pa University Avenue inabwera mu 2020, nthawi ya Covid-19, pamsewu umene pali zipatala zikuluzikulu monga Toronto General, Mount Sinai ndi SickKids, anthu ogwira ntchito m'zipatalazo akufuna njira ina yofikira kuntchito yosathithikana m'sitima. Ya pa Yonge inayesedwa kuyambira 2021 n'kukhazikitsidwa mu 2023. Iliyonse inadutsa m'misonkhano, m'malipoti ndi m'mavoti a anthu osankhidwa. Tisaiwalenso kuti motsata misewu yonse itatuyi mumadutsa sitima zapansi panthaka. Anthu miyandamiyanda oyenda njira zimenezi tsiku ndi tsiku sali m'galimoto, ndipo nthawi yawo lamuloli silikuikhudza.

Mawu akuti kubwezera ndi ofunika kuimapo. Chinthu timabwezera mwini wake. Polemba kuti mizereyo ibwezeredwe kwa magalimoto, ndimeyi yanena mosanena kuti msewu ndi wa galimoto, wanjinga anangobwereka, mwinanso analanda. Koma Yonge Street inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1790, kutatsala zaka pafupifupi 90 kuti galimoto yoyamba ipangidwe. Yanyamulapo ngolo za akavalo, yanyamulapo sitima zoyenda pamsewu, kenako magalimoto. M'badwo uliwonse wagawa msewuwo malinga ndi zosowa zake. Kagawidwe ka zaka 70 zapitazi nako kanali chisankho cha anthu, ndipo anthu akhoza kukasintha popanda kubera aliyense.

Nanga "zinthu zokhudzana nazo" ndi ziti? Mawu ozizirawa aphimba chenicheni chimene chikuchotsedwa. Pamsewu penipeni, chimene chimasiyanitsa njira yotetezedwa ndi mzere wamba wa penti ndi timizati, timakoma tatifupi ta konkire, mabokosi a maluwa ndi maloboti apadera a njinga. Penti payokha siimitsa galimoto. Wa lole amaimika pomwepo kuti atsitse katundu. Wa galimoto yoimikidwa amatsegula chitseko osacheuka, wanjinga n'kuwombamo, kapena kuchizemba n'kugwera kumene kukubwera magalimoto. Kakhoma kosafika n'komwe m'bondo kamathetsa zambiri mwa izi, usana ndi usiku, popanda wapolisi woimapo. Kafukufuku amene anatsogolera a Kay Teschke a pa University of British Columbia, wofalitsidwa mu 2012, anatsata anthu 690 amene anavulala panjinga ku Toronto ndi ku Vancouver, n'kuyerekeza malo amene anavulalira ndi malo ena a paulendo womwewo. Anapeza kuti panjira yotchingidwa chiopsezo chovulala chinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9 a chiopsezo cha pamsewu waukulu wopanda njira ya njinga umene m'mbali mwake mumaimikidwa magalimoto. Olemba lamulo sakanafunika kupita kutali. Ena mwa misewu ya m'kafukufukuyu ndi ya mumzinda wawo womwewo.

Mu Julayi 2024, miyezi itatu biluyi isanafike m'nyumba ya malamulo, mtsikana wa zaka 24 anafa pa Bloor pomwepo, pafupi ndi Avenue Road. Njira ya njinga inali itatsekedwa ndi chibini cha zinyalala za pa ntchito yomanga. Iye anatuluka n'kulowa mumzere wa magalimoto, ndipo lole inamugunda. Anali mmodzi mwa okwera njinga 6 amene anafa m'misewu ya Toronto chaka chimenecho. Kutsekeka kwa mamita ochepa kunakwanira kuchotsa moyo. Ndime 195.6 inkafuna kuti wanjinga alowe pakati pa magalimoto chimodzimodzi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 19, tsiku lililonse.

Ndiye nthawi imene dzina la lamulo likulonjeza ndi yochuluka bwanji? Lamulo silikunena. Chimene chilipo ndi zimene khonsolo inayeza pa Bloor mu 2017: atakonza kayakidwe ka maloboti, ulendo wa galimoto pa makilomita 2.4 aja unatalika ndi pafupifupi mphindi 2 m'mawa ndi mphindi 4 madzulo. Sindikuzipeputsa. Mphindi 4 tsiku ndi tsiku zimawawa kwa munthu wotopa amene akufuna kukafika kunyumba. Koma n'zimenezo zimene zili mbali ina ya sikelo, ndipo ngakhale zomwezo palibe angatsimikize kuti zibwerera. Mu 2011 akatswiri awiri a zachuma, a Gilles Duranton ndi a Matthew Turner, amene panthawiyo onse anali pa University of Toronto, anasonyeza ndi mawerengero a mizinda ya ku America kuti misewu ikawonjezedwa, maulendo a magalimoto nawo amawonjezeka pafupifupi mofanana. Mzere watsopano umaitana amene ankakwera sitima, amene ankanyamuka nthawi ina, ndi amene ankadzera kwina, mpaka udzaze. Toronto ili ndi umboni wake pakhomo: Highway 401 penapake ili ndi mizere 18, koma imaimabe nji. Kuwonjezera apo, wanjinga amene waopa msewu wopanda kakhoma sasiya kupita kuntchito. Ngati ali ndi galimoto, mawa ali mumzere womwewo kutsogolo kwanu.

A Ford akhala akunena kuti njinga zipite m'timisewu tam'mbali. Mawu amenewa mulibe m'lamulo, koma ndiwo amaperekedwa ngati yankho. Mapu a Toronto sakuvomereza. Mzindawu unadulidwa ndi zigwa za mitsinje ya Don ndi Humber ndiponso njanji za sitima, ndipo timisewu tam'mbali timathera pamenepo. Milatho ili pa misewu ikuluikulu ngati Bloor. Komanso munthu sapalasa njinga kuti angodutsa. Sitolo, ofesi ndi chipatala zimene akupitako zili pamsewu waukulu. Mmodzi mwa anthu amene pambuyo pake anasumira boma ndi woperekera anthu zakudya panjinga. Amadya za pachishalo monga wakabaza wa kwathu kuno, ndipo malo odyera amene amakatengako katundu sangasamukire m'kamsewu kam'mbali chifukwa nduna yatero.

Tsopano tifike pa ndime zimene zinalowa limodzi ndi 195.6, zoteteza boma ku milandu. Zikuti palibe angasumire boma, nduna zake kapena ogwira ntchito zake chifukwa cha zotsatira za kuchotsa njira za njinga. Chitetezochi chafikiranso makontilakitala odzagwira ntchitoyo, ndipo pali chiganizo chimene chikutchula mwachindunji kuwombana kwa magalimoto, okwera njinga ndi oyenda pansi ntchito yochotsayo itatha, kuti kusawerengedwe ngati kusasamala kwa kontilakitala.

Apa ndi pamene munthu watulukira. Pa chiganizo choyezera chilolezo sanaoneke. Panali magalimoto ndi kayendedwe kawo. Pa 195.6 sanaonekenso, panali njira, mizere ndi zinthu zokhudzana nazo. Wokwera njinga, munthu wamagazi, akutchulidwa pano, ndipo akutchulidwa atagundidwa kale, pofuna kumuuza kuti khomo la khoti latsekedwa. Pambali pake pali woyenda pansi, amene mkangano wonsewu sunali wake, koma olemba anaona kuti naye zimukhudza. Loya wa boma angayankhe kuti ndime zoteteza boma n'zachizolowezi, ndipo Ontario yazilembapo m'malamulo ena ambiri. Sindikutsutsa. Koma ndime yachizolowezi imalankhula mwachisawawa, siitchula mtundu wa tsoka. Amene wakhala pansi n'kulemba za kuwombana kwa magalimoto ndi okwera njinga kakhoma katachotsedwa, ngoziyo anaiona m'maganizo mwake. Anaiona, ndipo sanabwerere pa chiganizo choyezera chija kukawonjezerapo mawu a chitetezo cha anthu. Anapita kukateteza thumba la boma. Wovulala akhoza kusumirabe dalaivala amene wamugunda. Amene sangamufikire ndi uja anasankha kuchotsa chimene chinkamutchinga.

Ndikaika ndime ziwirizi pamodzi, ndimalephera kuona lamuloli ngati la anthu amene analakwitsa mosadziwa. Likanakhala chete pa za ngozi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, tikanati olemba sanaganize mofika patali. Koma lakhala chete pamene mawuwo akanateteza nzika, n'kulankhula pamene akuteteza boma.

Zimene zinatuluka m'khoti zinagwirizana ndi kawerengedwe kameneka. Bungwe la Cycle Toronto ndi okwera njinga awiri atasuma, boma linayenera kutulutsa zikalata zake. Munapezeka lipoti la kampani ya mainjiniya ya CIMA+, imene boma lomwelo linailemba ntchito, lonena kuti kuchotsa njira zotetezedwa kukhoza kuwonjezera ngozi za onse ogwiritsa ntchito msewu ndi 54 peresenti. Munapezekanso malangizo a akuluakulu a m'boma ochenjeza kuti kuchotsako mwina sikungachepetse kuthithikana. Khonsolo ya Toronto, pansi pa meya Olivia Chow, inali itawerengera kale kuti kuchotsa kudzadya madola a ku Canada 48 miliyoni, pa njira zimene zinamangidwa ndi 27 miliyoni, ndipo miyezi yonse ya ntchitoyo misewu yomweyo idzakhala yokumbidwa.

Mu Epulo 2025 Jaji Paul Schabas wa khoti lalikulu la Ontario anapereka chiletso kuti njirazo zisakhudzidwe mpaka atagamula. Akulingalira za chigamulo, boma linabwerera ku ndime 195.6 n'kuilembanso kudzera m'bilu ya bajeti. Mawu akuti kuchotsa anawachotsa, n'kuikapo akuti kukonzanso kayalidwe ka njirazo kuti mzere wa magalimoto ubwerere. Kenako maloya a boma anati mlanduwo watha ntchito, popeza ndime imene ankaitsutsa kulibenso. A Schabas sanavomere. Anaona kuti cholinga sichinasinthe: mzere wa magalimoto ukabwerera, chotchinga wanjinga chichoka, kaya mutchule kuti kuchotsa kaya kukonzanso. Kusinthaku kukutiuzanso kanthu kena. Boma linali ndi mpata wachiwiri wolemba ndimeyi, umboni wonse uli patebulo. Linafewetsa mneni, koma mawu a chitetezo cha anthu silinawonjezere.

Chigamulo chinatuluka pa 30 Julayi 2025. A Schabas anati ndimeyi ikuphwanya gawo 7 la Canadian Charter of Rights and Freedoms, limene limateteza moyo, ufulu ndi chitetezo cha munthu. Chimene chimandigwira mtima m'chigamulochi ndi njira imene anadzera. Sanayeze lamulo ndi zimene iwo amakonda. Analitenga pa mawu ake omwe. Lati likufuna kuchepetsa kuthithikana. Chabwino, umboni uli kuti wakuti kuchotsa njira zitatuzi kuchepetsa kuthithikana? Umboni umene unalipo, kuphatikizapo wa boma lomwe, unkaloza kwina. Ndiye chatsala ndi chiopsezo cha imfa ndi kuvulala chopanda chimene chikugulidwa nacho. M'malamulo a ku Canada, boma likaika moyo wa munthu pachiswe ndi njira yosalumikizana ndi cholinga chake, limakhala laphwanya mfundo za chilungamo. Dzina lija, limene linalembedwa kuti likope ovota, ndilo linasanduka ndodo yoyezera.

Pali chidandaulo chimene sitiyenera kuchithawa. Boma la a Ford linasankhidwa ndi anthu, ndipo mu Febuluwale 2025 linapambananso chisankho kachitatu, nkhani ya njinga ili poyera. Kodi jaji mmodzi ndiye azigamula kagawidwe ka msewu? Ena amaopa kuti mawa aliyense azithamangira kukhoti boma likasintha liwiro lololedwa kapena kuchotsa chikwangwani. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo boma linachita apilo. Koma chigamulochi n'chopapatiza kuposa mmene otsutsa amachinenera. Sichinati anthu ali ndi ufulu womangiridwa njira za njinga. Sichinaletse boma kusankha pakati pa zinthu ziwiri zabwino, ngakhale kusankha molakwika. Chinati boma likachita chinthu chowonjezera chiopsezo cha imfa, lisonyeze kuti chinthucho chikukwaniritsa cholinga chimene lanena. Boma limene lili ndi umboni silingavutike ndi funso limeneli. Ndipo tikamakamba za ulemu kwa osankhidwa, paja makhansala 36 aja nawonso anasankhidwa, ndi anthu a mumzinda womwewo.

Mlanduwu unali wa ndime 195.6, ya misewu itatu imene njira zilipo kale, imene ili ndi anthu oidziwa ndi oimenyera nkhondo. Chiganizo choyezera chilolezo sichinali pa mlandu. Chimenechi n'chimene chinalembedwa kuti chigwire ntchito mwakachetechete pa misewu ya ku Ottawa, Hamilton, London ya ku Ontario ndi mizinda ina imene boma lingaitchule, kumene kakhoma sikanamangidwe ndipo palibe angaloze chimene wachotseredwa. Kwa ine, chiganizo chimenechi chinali choopsa kuposa 195.6, ndipo chinayenera kulembedwa kuti unduna uziwerenga anthu odutsa pamsewu ndi anthu ovulala pamsewu usanawerenge mizere ya magalimoto.